Thabwa loyalapo njanji ya kasitima: zimene ndaona kuno ku Mchinji

Alendo akabwera kudzaona kasitima kanga ka magetsi, maso awo amathamangira pa injini ndi mabogi. Sindinaonepo wina akuwerama kuti asuzumire kunsi kwa thebulo. Komatu nthawi yanga yambiri ndi ndalama zanga zambiri zinathera kunsi komweko, ndipo ngati sitimayo ikuyenda bwino chaka chonse, mu dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndi chifukwa cha zimene zili pansi pa njanjiyo.

Ndikulembera makamaka inu amene mwapeza kasitima kotere pa kaunjika, kapena m'bale wanu wakubweretserani kuchokera ku Johannesburg, ndipo mwakhala mukuyala njanji yake pasimenti kapena pamkeka. Masiku oyamba kamayenda. Kenako kamayamba kuima m'njira, mabogi amagwa pokhota, ndiye munthu amangoti kawonongeka, n'kukabwezera m'katoni. Nthawi zambiri injini imakhala ilibe vuto. Vuto limakhala poyalapo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, yambani mwaona kachepedwe ka zinthu zimenezi. Sitima zambiri zimene zimafika kuno ndi za mlingo wa HO, pamene chinthu chilichonse chachepetsedwa ka 87, kapena za OO, za ku Britain, zochepetsedwa ka 76. Zonse ziwiri zimayenda pa njanji yotalikirana mamilimita 16.5. Palinso zazing'ono za N, zimene njanji yake ndi mamilimita 9 basi. Magetsi amadutsa m'zitsulo ziwiri za njanjiyo, magudumu ndiwo amawatola n'kuwapititsa ku mota. Tsono thabwa likatukuka milimita imodzi yokha, pa mlingo wa HO ndiye kuti njanji yakwera pafupifupi masentimita 9 a sitima yeniyeni. Gudumu limodzi limatsala m'malere, magetsi amaduka, kapena kamlomo ka gudumu kamakwera pamwamba pa chitsulo, bogi n'kugwa.

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi woti njanji yeniyeni tili nayo pafupi, yochokera ku Lilongwe, imene mu 2010 anaifikitsa mpaka ku Chipata. Mukaimirira chapatali n'kuiyang'ana bwino, muona kuti zitsulo sizinagone padothi. Pansi pali mtumbira wa dothi lotsendereka, pamwamba pake miyala ya kwale, m'miyalamo mitanda yopingasa, kenako zitsulo. M'mbali muli ngalande zochotsa madzi. Pathebulo pamafunikanso magawo otere: felemu, thabwa, kenako chofewa chokweza njanji, pomaliza timiyala. Ndingonenako pang'ono kwa okonda kulondoloza zinthu: njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, pamene ya HO ikuimira njanji ya mamilimita 1,435 ya maiko ngati Britain ndi America. Amene amafuna kuti sitima yawo ifanane ndendende ndi njanji yopapatiza ngati yathuyi amamanga pa mlingo wa 1:64 pa njanji yomweyo ya 16.5, monga amachitira ambiri ku New Zealand. Ine sindinafike kumeneko. Ndimayendetsa zimene ndapeza.

Malangizo ambiri amene mungawerenge analembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira, ndipo amatchula zinthu monga Homasote ku America ndi Sundeala ku Britain, matabwa ofewa opangidwa ndi mapepala akale. Kwawoko zili ndi malo ake. Koma nyumba yanga ndi ya malata. Mu Okutobala masana m'chipindamo mumatentha koti munthu sungakhalemo nthawi yaitali, ndipo mpweya umauma kwambiri. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, mchere umanyowa m'botolo, zitseko zimakana kutsekeka. Thabwa lililonse limamwa chinyezi chimenechi n'kufufuma, kenako limachilavula n'kunyala. Onjezanipo chiswe, makoswe, ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala. Funso langa posankha silinali lakuti anzathu akunja amagwiritsa chiyani, koma lakuti n'chiyani chimene chingapirire nyengo zimenezi osasintha maonekedwe.

Ndisanagule kanthu, ndinapita kwa kalipentala wina wachikulire wa pa boma pano n'kupempha tizidutswa totsala ta mitundu yonse imene anali nayo: chipboard, MDF, blockboard, plywood, siling'i bodi yofewa ija, ndi matabwa a paini. Ndinatiika pamwamba pa kabati m'chipinda chomwe ndimafuna kumangamo, titasanjikizidwa pa njerwa ziwiri kuti pakati palendewere, ndipo pa kalikonse ndinadonthezapo madzi pang'ono m'mphepete. Ndinatisiya dzinja lonse. Ndikulimbikitsani kuchita zomwezi, chifukwa sizidya ndalama, ndipo mumaona ndi maso anu zimene chipinda chanu chimachita ndi thabwa.

Chipboard inafufuma m'mphepete n'kuyamba kunyenyeka ndi chala. MDF, imene ndinkaisirira chifukwa cha kusalala kwake, inatupa pamene panagwera madzi paja ndipo sinabwererenso ngakhale itauma, pakati inawerama. MDF ilinso ndi mavuto ena awiri: ndi yolemera kwambiri, ndipo ndi yolimba moti timisomali ta njanji timapindika musanatilowetse. Siling'i bodi imalandira timisomali bwino kwambiri, mumangokankha ndi pulayala, koma payokha inagwa pakati ngati kuti yatopa, ndipo mphemvu zinaikonda. Thabwa la paini linapindika chopingasa. Blockboard inapirira ndithu, koma ndi yokhuthala ndi yolemera kuposa mmene ntchitoyi ikufunira. Imene inatuluka pafupifupi mmene inalowera ndi plywood.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mtengo umafufuma ndi kunyala kwambiri chopingasa mitsempha yake, koma m'litali umasintha pang'ono zedi. Plywood anaipanga pomata mapepala opyapyala a mtengo, lina mitsempha italoza uku, lotsatira italoza chopingasa, choncho amagwirana, lililonse limaletsa linzake kusuntha. Ndiye ndinasankha plywood, ndipo mpaka lero sindinaone chifukwa chosinthira.

Komabe si plywood iliyonse. Yopyapyala ya mamilimita 4 kapena 6, imene amaika kumbuyo kwa makabati, musaiganizire n'komwe; imawerama pakati pa mitanda ndipo sitima ikamadutsa imalira ngati ng'oma. Ya mamilimita 9 ndiyo ndinaona kuti ikukwanira ngati felemu yake ili yothinana. Ya 12 ndi yabwino koposa ngati mungathe kuigula ndi kuinyamula. Ku hadiweya musachite manyazi kupempha kuti akutsitsireni mashiti angapo. Imikani shiti, ikani diso pakona n'kuyang'ana m'litali mwake ngati yawongoka. Yang'anani m'mphepete: werengani mapepala ake, chifukwa ochuluka ndiwo abwino, ndipo muone ngati mulibe mabowo m'kati kapena malo amene guluu wasiya. Shiti imene yakhala itatsamira khoma miyezi yambiri imakhala itapindika kale. Sankhani ya pa mulu wogonekedwa. Mukafika nayo kunyumba, igonekeni pansi pa timitengo m'chipinda chomwecho sabata ziwiri kapena kuposa, kuti izolowere mpweya wa m'nyumbamo musanaidule.

Shiti yathunthu ndi mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi. Pa HO kapena OO muyezo umenewu umalola njanji yozungulira, chifukwa makhota amene amabwera ndi maseti ambiri amafuna malo okwana pafupifupi mita imodzi kuti sitima itembenuke. Koma ganizirani za chitseko chanu, ndiponso ngati muli pa lendi, ganizirani za tsiku losamuka. Ine ndinaidula pakati kuti ikhale zigawo ziwiri, chilichonse ndi felemu yake, zolumikizana ndi mabawuti. Ganiziraninso za mkono wanu. Thebulo la 1,220 m'lifupi likatsamira khoma, mbali ya kukhomako simufikako, ndipo bogi likafuna kugwa limagwera komweko. Siyani mpata woti muzizungulira.

Kwa amene ali ndi sitima ya N pali njira yachidule imene ndinaiona ikugwira bwino kwa mwana wa mchemwali wanga ku Kamwendo: chitseko cha flush door, chija cha m'kati mwa nyumba chopanda kanthu pakati. Ndi chopepuka, n'chowongoka kale, ndipo felemu chili nayo m'kati. Amachigoneka pa timabenchi tiwiri, akamaliza amachiimika kuseri kwa kabati. Pa HO n'chopapatiza kwambiri kuti sitima izungulire, koma chimakwana ngati mukufuna siteshoni yongosinthirapo mabogi.

Felemu ndiyo imagwira plywood kuti isawerame, choncho nayonso ikufunika mtengo wouma. Ndinagwiritsa paini, mtundu umene timauzolowera kuchokera ku Chikangawa, wa "3 by 1" monga amanenera akalipentala, woimikidwa cham'mbali. Bulugamu ndi wotchipa koma amapotoka akamauma, ndipo akapotoka amanyamula thabwa lonse. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yabwino, koma kuibisa kunsi kwa thebulo n'kuwononga chabe, komanso kulemera kwake kudzakuvutani. Mitanda yopingasa ikhale pa masentimita 30 kapena 40 aliwonse. Musanailumikize, iboolereni mabowo odutsa mawaya. Mangani ndi masikuluwu, osati misomali yokhoma ndi hamala, chifukwa tsiku lina mudzafuna kusuntha mtanda umodzi umene wapezeka pansi penipeni pa mphambano ya njanji.

Pa nkhani ya penti ndi pamene ine ndi kalipentala uja tinakambirana nthawi yaitali. Iwo anazolowera mipando ndi matebulo, pamene vanishi amapaka pooneka pokha.

"Aphunzitsi, kunsiku adzaonako ndani? Tingowononga penti," anatero.

"Bambo, chinyezi sichiyang'ana koonekera," ndinawayankha. "Tikatseka pamwamba pokha, kunsi kudzamwa, pamwamba ayi, ndiye thabwa lidzapindika."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati n'zoona, n'zimene zimachitika ndi zitseko zimene anthu amapaka mbali imodzi. Iwo ndi amene anandiuza kuti m'mphepete, modulidwa muja, ndipake kawiri kapena katatu, popeza ndi mmene mtengo umamwera kwambiri. Tinapaka mbali zonse ziwiri, m'mphepete monse, ndi felemu yomwe. Penti wotsala pomanga nyumba amakwanira. Wa mtundu wa dothi ndi wabwino pamwamba, chifukwa pamene udzu wanu wopanga sunafike sipaoneka poyera. Pa zonse zimene ndalemba pano, ngati mungagwire chimodzi chokha, gwirani chimenechi.

Za chiswe ndinena mwachidule. Thebulo lisakhudze khoma, miyendo yake ikhale pa timphira kapena ikhale yachitsulo, ndipo muzisesa kunsi kuti muone msanga ngati chayamba kumanga njira. Mankhwala a matabwa a ku hadiweya pakani pa felemu musanapente, ndipo muwasiye aume kwenikweni panja pamthunzi. Oilo wakuda wa galimoto, amene timapaka pa mitengo ya khola, asayandikire: amanunkha m'nyumba, guluu sagwira pamene pali iye, ndipo amawononga pulasitiki.

Tsopano chofewa cha pakati pa thabwa ndi njanji. Ntchito zake ndi ziwiri: kukweza njanji kuti ioneke ili pa mtumbira ngati yeniyeni, ndi kuchepetsa phokoso. Apa ndinayesa zambiri, popeza tizidutswa take sitivuta kupeza.

Chimene anthu ambiri padziko amagwiritsa ndi cork, khungwa la mtengo wina wa oak umene umalimidwa kwambiri ku Portugal. Yodulidwa kale ya njanji sindinaionepo m'sitolo zathu. Koma cork ilipo m'malo amene simungaganizire. Ogulitsa zipangizo za galimoto ena amakhala ndi mashiti a cork amene amakaniko amadulira magasiketi, ndipo mabolodi okhomapo zidziwitso m'maofesi ndi m'sukulu ambiri ali ndi cork pamwamba. Ya mamilimita 3 ndiyo imakhala bwino pa HO. Imadulika bwino ndi mpeni wakuthwa, imalola sandipepala, siiphwanyika ikapanikizidwa, ndipo guluu wa matabwa amaigwira. Kusalazika ndi sandipepala kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa polumikiza zidutswa ziwiri pamatsala kaphiri kakang'ono kamene muyenera kukachotsa.

China chimene chinandikhutiritsa ndi mphira wofewa wa EVA, uja amapangira mapatapata ndi timphasa tochitirapo masewera olimbitsa thupi. Osoka nsapato amagula m'mashiti, ndipo m'sitolo za mabuku mumapezeka wopyapyala wa ana asukulu. Samwa madzi ngakhale pang'ono, chiswe sichimufuna, ndipo pa phokoso amaposa cork. Kuipa kwake n'kwakuti salola sandipepala bwino, ndipo mukakhomerera msomali kwambiri amabonyoka, njanji n'kutsika pamenepo. Sankhani wolimbirako, amene mukamutsina amabwerera msanga. Pa thebulo langa njira yaikulu ili pa cork, ndipo njanji za pa siteshoni zili pa EVA wopyapyala kuti zitsikeko pang'ono, monga zimakhalira pa masiteshoni enieni. Ndikanati ndiyambenso popanda cork, sindikanadandaula kuika EVA ponseponse.

Zoyera zija zimabwera m'makatoni a TV ndi mafiriji anthu amazithamangira chifukwa n'zaulere. Pomanga mapiri ndi zabwino kwambiri, n'zopepuka. Pansi pa njanji ayi. Zimabonyoka mukangotsamira ndi chigongono, zimanyenyeka timibulu timene timamatirira paliponse mpaka m'magiya a injini, ndipo makoswe amazikonda pomanga zisa. Guluu wa nsapato uja wonunkha akazikhudza zimasungunuka pomwepo, chimodzimodzi penti wopopera wa m'chitini ndi chitsulo chowotcherera mawaya. Pali mtundu wina wolimba, wa buluu kapena wa pinki, wotchedwa XPS, umene amaika m'makoma ndi m'madenga kuti muteteze kutentha. Umenewo ndi wabwino ndithu, mukhoza kukumbamo mitsinje ndi ngalande, ngati mwaupeza pamalo omanga. Nawonso sufuna guluu wonunkha.

Katoni wamba amafwafwanyika akanyowa, ndipo kutsogoloku mudzathira madzi ambiri. Kapeti, bulangete ndi nsalu zimatulutsa ubweya umene umakulungika pa ma ekiselo a injini. Chubu cha galimoto n'chosalingana makulidwe. Zimenezi ndinaziyesa pa kachidutswa n'kuzisiya.

Kadulidwe kake kali motere. Jambulani pathabwa mzere wapakati pa njanji yonse. Dulani cork kapena EVA m'timizere ta pafupifupi masentimita 2 m'lifupi, mbali imodzi mpeni utapendekeka kuti pakhale potsetsereka. Matani kamzere kamodzi mbali iyi ya mzere wanu, kena mbali inayo, zotsetsereka zitaloza kunja. Ubwino wa timizere tiwiri n'ngwakuti timakhota mosavuta popanda kukwinyika, ndiponso mzere wapakati umaonekabe, ndiye mukamayala njanji mumautsata. Pa mphambano, pamene njanji imagawikana, ikani chidutswa chimodzi chathunthu chosalumikiza, chifukwa pamenepo ndi pamene pamafunika kusalala kuposa pena paliponse.

Nkhani ya phokoso ndiikhalirepo, chifukwa inandidabwitsa. Nyumba zathu zambiri zilibe siling'i, phokoso la chipinda chimodzi limamveka nyumba yonse, ndipo nthawi imene munthu umapeza yoyendetsa sitima ndi usiku ena atagona. Ndinayala njanji pa kathabwa koyesera m'njira zitatu n'kumvetsera. Pa plywood yokha inali kulindima. Pa cork, njanji itangogona osakhomedwa, inangoti waa, phokoso la magudumu lokha. Nditakhoma timisomali todutsa cork mpaka m'thabwa, kulindima kuja kunabwerera pafupifupi theka. Msomali umatenga kunjenjemera kwa njanji n'kukupereka kwa thabwa, chofewa chija chili pomwepo osagwira ntchito. Ndipo timiyala tikamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma amalimba gwa, timachita chimodzimodzi: timalumikiza njanji ndi thabwa m'mbali monse.

Chimene ndinachita ndi ichi. Njanji ndinaimata pa cork ndi acrylic sealant, phala lija amatsekera ming'alu ya m'mawindo ndi m'siling'i, limene likauma limakhalabe lofewa. Mumapaka pang'ono kwambiri n'kulifalitsa ndi kakhadi mpaka mzere wapakati uja uzionekera. Kenako mumagoneka njanji, kuigwiriza ndi mapini osokera, kusanjika mabuku kapena zitini pamwamba, n'kusiya usiku wonse. Mawa lake mumazula mapini onse. Tsiku lofuna kusintha, mpeni wopyapyala umalowa pansi n'kuinyamula osathyoka. Silikoni musagwiritse, penti ndi guluu sizimugwira. Timiyala nato ndinayesetsa kuti tithere pa cork kapena pa kamzere ka EVA kopyapyala m'mbali, tisafike pa thabwa lenileni. Phokoso silinatheretu, ndipo sindinafune kuti litheretu. Kugogoda kwa magudumu polumikizira zitsulo ndimakukonda. Chimene chinachoka ndi kulindima kodzutsa ana.

Polumikizira pomwepo pali nkhani ina yofunika kwa ife a nyumba za malata. Njanji yabwino imapangidwa ndi chitsulo chotchedwa nickel silver, ndipo yopindika ija imabwera yotalika mamilimita 914. Kutentha kukakwera madigiri 20, mita imodzi ya chitsulo chimenechi imatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Ndi zochepa, koma mu Okutobala zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi: chitsulo chikutalika chifukwa cha kutentha, pamene thabwa ndi felemu zikunyala chifukwa cha kuuma. Njanji ikasowa kolowera imatukuka kapena kukhotera kumbali. Choncho polumikiza siyani kampata kolowa khadi la mayunitsi limodzi, makamaka ngati mukuyala m'dzinja kapena m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Mukamayala mu Okutobala, mpata ukhale wochepa, chifukwa udzatseguka wokha mvula ikabwera. Musawotcherere malo onse olumikizira; pa makhota pokha ndi pamene ndimawotcherera, kwina ndimatsitsa timawaya kunsi kwa thebulo kuti chigawo chilichonse chilandire magetsi pachokha.

Yesaninso njanji yanu ndi maginito. Ikagwira, ndi yachitsulo wamba, monga zinalili za maseti ambiri akale, ndipo imachita dzimbiri ikanyowa. Yotere muisamale kwambiri pothira timiyala, muipukute msanga.

Timiyalato musathamangire. Yendetsani sitima sabata zingapo njanji ili yopanda kanthu, kutsogolo ndi chafutambuyo, ndi injini zonse ndi mabogi onse amene muli nawo. Ngati n'kotheka idutse nyengo imodzi yosintha. Mukathira timiyala ndiye kuti mwatseka, kukonza kumavuta.

Ine timiyala ndinapanga ndekha kuchokera ku fumbi la kwale lotsala pamalo omanga. Mwala wa pa njanji yeniyeni, wokula ngati masentimita 3 mpaka 6, ukachepetsedwa ka 87 sufika ngakhale milimita imodzi, choncho maso amanyenga: chimene chikuoneka chaching'ono m'dzanja chimaoneka ngati matanthwe pambali pa kasitima. Ndinasefa ndi sefa ya tiyi kuchotsa zazikulu, kenako ndi sefa ya ufa kuchotsa fumbi lenileni, n'kusunga zapakati. Ndinazitsuka mpaka madzi atayera, n'kuziyanika padzuwa pa lata. Kenako pali chinthu chimene simuyenera kudumpha: tengani maginito a sipika yakale, akulungeni m'pepala la pulasitiki, muwayendetse m'timiyalamo mobwerezabwereza. Mudzadabwa ndi tizitsulo takuda timene tidzamatirire. Mota ya injini ili ndi maginito, ndipo tizitsulo timeneti ikatitola timakalowa m'kati n'kuiwononga. Mchenga wa kumtsinje, monga wa ku Bua kapena wa m'madambo, umafunanso maginito omwewa, koma ndi wobulungira ndipo suoneka ngati kwale. Ndimausungira misewu ndi mabwalo.

Pothira, gwiritsani sipuni yaing'ono ndi kaburashi kofewa, musese mpaka pasatsale kamwala pamwamba pa timitanda kapena m'kati mwa chitsulo mmene mumadutsa kamlomo ka gudumu. Nyowetsani kaye ndi botolo lopopera, madzi muli kadontho ka sopo wotsukira mbale, mukupopera m'mwamba kuti agwe ngati mawawa. Kenako donthezani ndi jakisoni wopanda singano guluu woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, nayenso muli kadontho ka sopo. Sopoyo amathandiza kuti madzi alowe pansi m'malo moyandamitsa timiyala. Pa mphambano, pamene pali tizitsulo tosuntha, musafikitse guluu, ndipo muzitisuntha pamene zikuuma. Apa ndi pamene penti uja amabweza ndalama yake, chifukwa madzi onsewa amakhala pathabwa tsiku lonse kapena awiri. Ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe. Mu Febuluwale guluu amachedwa kuuma ndipo nkhungu imatha kumera.

Ngati mukufuna kuti njanji ikwere mtunda, plywood ikuthandizaninso. Mumaicheka motsata njanji mbali zonse ziwiri n'kuikweza pang'onopang'ono ndi timitengo kunsi, ndipo imapindika yokha mofatsa poyambira ndi pothera chitunda, zimene n'zovuta kuzipeza ndi zidutswa zolumikiza. Musapitirire masentimita 2 pa mita iliyonse ngati mukufuna kuti injini ikoke mabogi angapo.

Mitengo ya zinthu sinditchula, chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi. Koma ngati ndalama ili yochepa, dongosolo langa lingakhale lotere: theka la shiti ya plywood yabwino kuposa shiti yathunthu ya chipboard, paini wouma, penti wotsala, ndi EVA wa kwa osoka nsapato. Injini yachiwiri idikire. Mukamaliza tsiku lililonse, fundikani thebulo ndi nsalu yopepuka yopanda ubweya, itakwezedwa pa timitengo kuti isakhudze njanji, chifukwa fumbi lathu lofiirali likakhala pa zitsulo magetsi sadutsa bwino.

Kawiri pachaka, mvula ikakhazikika ndiponso kutentha kukafika pachimake, ndimaika levulo pathebulo m'litali ndi chopingasa, ndimagoneka rula yachitsulo pamwamba pa njanji n'kuunika ndi tochi kuseri kwake. Kuwala kukadutsa pansi pa rula, pamenepo patsika, ndipo ndimalowetsa kapepala kolimba pakati pa mtanda ndi plywood kuti pabwerere. Ndimayang'ananso timipata ta polumikizira. Kamene katsekeka kotheratu ndimakatsegula ndi kasowo kopyapyala, n'kusalaza m'mphepete mwa chitsulo ndi fayilo yaing'ono kuti gudumu lisakodwe.